Kuchoka pa Windows kupita pa Mac: zomwe zinandizunguza mutu ndi mmene ndinazolowerera

Kwa zaka zambiri ntchito yanga yonse ndinkaigwirira pa Windows. Kulemba malipoti, kuwerengetsa manambala mu Excel, kuyankha maimelo, zonsezi zala zinkangochita zokha, maganizo ali kwina. Laputopu yomwe ndinali nayo inali ya Windows 10, ndipo Microsoft itasiya kutumiza zokonza za chitetezo cha sisitimu imeneyi pa 14 Okutobala 2025, zinapezeka kuti makinawo sangalandire Windows 11 chifukwa analibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Kuntchito anatisinthira makina, ndipo ine inandigwera MacBook Air yoyendera macOS, sisitimu yomwe ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Anzanga ankati ndachita mwayi. Koma masiku oyambirirawo kakalata ka tsamba limodzi kankandidyera m'mawa wonse.

Munthu akamva zoterezi amaganiza kuti pali zinthu zambirimbiri zofunika kuloweza. Zofunika kuzimvetsa n'zochepa ndithu, ndipo ukazigwira zinazo zimangotsatira. Chovuta n'chakuti zala sizimva msanga. Amene anayendetsapo galimoto yomwe ndodo ya indiketa ili mbali yosazolowereka akudziwa zimene ndikunena: mutu ukudziwa bwinobwino, koma pofika pokhota umangoona mawaipa akupukuta galasi louma. Ndiye pali njira ziwiri. Ina n'kuikakamiza Mac kuti izichita zinthu ngati Windows, kusintha batani lililonse ndi kudzazamo timapulogalamu totsanzira zakale. Inayo n'kudzifunsa kuti kodi amene anapanga chinthuchi ankaganiza chiyani, kenako n'kusintha zokhazo zomwe zikusokonezadi ntchito yako. Ine ndinatenga yachiwiriyi, ndipo ndi yomwe ndingalangize wina aliyense.

Mfundo yomwe inandimasulira zambiri ndi iyi: pa Mac, windo ndi pulogalamu n'zinthu ziwiri zosiyana. Pa Windows ukadina X wa pakona yakumanja, Word yatsekeka, nkhani yathera pomwepo. Pa Mac timabatani tili kumanzere, ndipo ndi titatu: kofiira, kachikasu ndi kobiriwira. Ukadina kofiirako windo imachokadi, koma pulogalamuyo imatsala ili maso. Umadziwira kadontho komwe kamakhala kunsi kwa chithunzi chake pa Dock, mndandanda wa mapulogalamu wa m'munsi mwa sikirini uja. Kuti ituluke yonse umadina Command ndi Q, kapena kusankha Quit pansi pa dzina lake. Alipo mapulogalamu ochepa, monga System Settings, omwe amatsekeka okha ukatseka windo yawo, koma ambiri satero. Poyamba timadontho timeneti tinkandisowetsa mtendere, poganiza kuti tikumaliza batire ndi RAM. Kenako ndinaona kuti pulogalamu yopanda windo yotsegula nthawi zambiri imangokhala phee, ndiye ndinasiya kulimbana nato.

Mfundo yomweyi ndi imene imachititsa kuti File, Edit, View ndi anzawo asakhale pa windo, koma pamwamba penipeni pa sikirini. Mzere umenewo ndi umodzi wokha, ndipo umasintha potengera pulogalamu yomwe ili kutsogolo panthawiyo. Taganizirani: kalata ya mu Word ili pamaso panu, mukufuna kuisindikiza, mwadina File, koma zomwe zatuluka ndi New Finder Window, New Folder ndi zina zosagwirizana n'komwe ndi kalatayo. Chachitika n'chakuti dzanja linakhudza pa desktop, ndipo amene ali kutsogolo tsopano ndi Finder, pulogalamu yoonetsa mafayilo ndi mafoda, ngakhale maso anu akadali pa Word. Mankhwala ake n'kuzolowera kuyang'ana dzina lolembedwa mokhuthala pafupi ndi chithunzi cha apulo, pakona yakumanzere. Dzinalo ndi lomwe limakuuzani kuti mukulankhula ndi ndani. Mzerewu wakhala pamenepo kuyambira pa Macintosh yoyamba ya mu 1984, ndipo pali nzeru yake: kamuvi ka mawusi sikangapitirire m'mphepete mwa sikirini, choncho sufunika kulunjika mosamala, umangokakankhira m'mwamba, kafika.

Kudumpha kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina kumatsatiranso ganizo lomweli. Alt ndi Tab pa Windows zimakuonetsa windo iliyonse payokha. Command ndi Tab pa Mac zimakuonetsa mapulogalamu okha, moti ngati watsegula makalata atatu a Word, Word imaoneka kamodzi. Kuti uyende pakati pa makalatawo umadina Command ndi kabatani ka ` komwe pa kiyibodi ya ku America kali pamwamba pa Tab. Apa pali kamsampha: windo yomwe waitsitsira pa Dock ndi kabatani kachikasu siibwerera ukasankha pulogalamu yake pa Command ndi Tab. Dzina limasintha pamwamba paja, koma windo osaoneka. Ine kachikasuko ndinangokasiyiratu. Ndikafuna kuti chinthu chichoke pamaso ndimadina Command ndi H, pulogalamu yonse n'kubisala, ndipo yobisala choncho imabwerera bwinobwino. Ndikasochera ndimakankhira zala zitatu m'mwamba pa trackpad, mawindo onse n'kuyalika pamaso, ine n'kutola yomwe ndikufuna. Zimenezi amazitcha Mission Control.

Kobiriwira nako kali ndi khalidwe lake. Kamakulitsa windo mpaka kubisa Dock ndi mzere wa pamwamba, n'kuisamutsira pamalo akeake. Kuti ingokula wamba, gwirani Option podina, kapena dinani kawiri pamutu pa windoyo. Kukokera windo m'mbali kuti itenge theka la sikirini, komwe Windows yakhala nako kuyambira pa Windows 7 mu 2009, kunabwera pa Mac ndi macOS Sequoia mu 2024. Ngati makina anu ali ndi sisitimu ya m'mbuyo mwa imeneyi, pulogalamu yaulere ya Rectangle imagwira ntchitoyo.

Tsopano nkhani ya zala ija. Zonse zomwe Ctrl ankachita, kukopera, kumata, kusunga, kubweza, pa Mac zili pa Command, batani la chizindikiro cha ⌘ lomwe lili pafupi ndi space bar. Zilembo zake n'zomwezija: C, V, X, S, Z, A, F, P. Koma batani la Control liliponso, cha komwe unalizolowera, ndipo ndilo limanyenga. Kachala kakang'ono kamathamangira pamenepo, wadina Control ndi C, palibe chachitika, ukamata n'kutuluka zomwe unakopera kalekale. Mu System Settings, pansi pa Keyboard, Keyboard Shortcuts, kenako Modifier Keys, muli posinthanitsira mabatani awiriwa. Nditafunsa mnyamata amene amayang'anira makompyuta kuntchito kwathu, anapukusa mutu.

"Akulu, kusintha mukhoza kusintha ndithu," anatero. "Koma malangizo aliwonse omwe muwerenge azinena Command, mamenyu onse akuonetsa Command, ndipo tsiku lomwe mudzagwire Mac ya wina mudzayambiranso pansi. Ingopirirani pang'ono."

Ndinamumvera, ndipo ankanena zoona. Chofunika kusintha ndi chala. Ctrl timamudina ndi kachala kakang'ono, pomwe Command amafuna chala chachikulu, chomwe chimakhala chili kale pafupi. Ukangochipinda pang'ono kulowa mkati, C ndi V zili pomwepo, dzanja osachoka pamalo ake. Patapita milungu ingapo ndinangozindikira kuti ndasiya kuganizira, ndipo pano ndikakhala pa kompyuta ya Windows ndi Ctrl amene amandionekera patali. Omwe ndingawauze kuti asinthe ndi okhawo olumikiza kiyibodi ya Windows ku Mac. Pamenepo batani la Windows limakhala Command, Alt n'kukhala Option, ndipo malo awo amakhala otembenuka poyerekeza ndi a pa laputopu, choncho kuwasinthanitsa n'kwanzeru. Zosinthazo zimakhudza kiyibodi yokhayo yomwe mwasankha.

Mamenyu a Mac salemba mayina a mabatani, amajambula zizindikiro: ⌘ ndi Command, ⌥ ndi Option, ⇧ ndi Shift, ⌃ ndi Control. Ndinazilemba pakapepala n'kumata pambali pa trackpad mpaka zitalowa m'mutu. Cha ⌘ chija anachisankha ndi a Susan Kare, mayi amene anajambula tizithunzi ta pa Macintosh yoyamba, ndipo m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya monga Sweden chimapezeka pa zikwangwani za m'misewu zolozera malo a mbiri yakale. Kulemba lipoti sikuthandizika nazo zimenezi, koma n'zokoma kudziwa.

Kwa munthu wolembalemba, zosoweka kwambiri ndi Home, End ndi Delete. Pa laputopu ya Mac palibe Home ndi End. Command ndi muvi wakumanzere zimakufikitsa koyambira mzere, wakumanja kothera mzere, wam'mwamba ndi wam'munsi kumayambiriro ndi kumapeto kwa chikalata chonse. Option ndi muvi zimadumpha liwu limodzilimodzi. Batani lolembedwa delete limafufuta chakumbuyo ngati Backspace, ndipo kuti lifufute chakutsogolo umagwira kaye fn. Samalaninso ndi @ ndi #. Amene munazolowera kiyibodi ya ku Britain pa Windows, @ wanu anali pafupi ndi Enter, koma pa Mac ali pa Shift ndi 2, ndipo pa Mac ya kiyibodi ya ku Britain # amatuluka ndi Option ndi 3. Zazing'ono ndithu, koma zikhoza kukutsekerani kunja kwa imelo yanu ngati pasiwedi ili ndi zizindikiro zimenezi, poti zomwe mukulembazo zimabisika ndi timadontho. Chinanso, Q ndi W n'zoyandikana. Command ndi W zimatseka tab imodzi, Command ndi Q zimatseka browser yonse. Chrome ili ndi Warn Before Quitting pansi pa dzina lake pamwamba paja. Onetsetsani kuti n'choyatsa.

Ife olemba Chichewa tili ndi lathu vuto. Makina amabwera chokonza masipelo chili choyatsa, ndipo poti Chichewa sichili m'gulu la zinenero zake, chimayesa mawu athu ndi Chingerezi cholembedwa molakwika, n'kumawasintha chokha. Walemba bwinobwino, ukabwerera pamzere n'kupeza mawu achilendo omwe sunawalembe. Pitani ku System Settings, Keyboard, pa Text Input mudine Edit, muzimitse Correct spelling automatically. Pamalo omwewo mukhoza kuwonjezera kiyibodi yotchedwa ABC – Extended, yomwe imatulutsa ŵ mukadina Option ndi 6 kenako w. Word ili ndi AutoCorrect yakeyake, yofunika kuizimitsa payokha.

Trackpad ndiyo sinandivute kwenikweni. Kudina ndi zala ziwiri ndiye right click, ndipo kugwira Control podina kumachitanso chimodzimodzi. Tap to click, yoti uzingokhudza osadina, imabwera yozimitsa; ndinaiyatsa tsiku loyamba lomwelo. Kayendedwe ka tsamba n'kotembenuka: kuyambira pa OS X Lion mu 2011, tsamba limatsatira zala monga pa foni. Pa trackpad zimazolowereka msanga, koma pa mawusi ya kagudumu zimavuta, ndipo chosinthira chake n'chimodzi, ukazimitsa Natural scrolling pa mawusi yazimanso pa trackpad. Ine ndinasiya mmene zinalili, mawusi n'kuiika m'dirowa.

Komwe ndinatenga nthawi ndi pa Finder, amene ali m'malo mwa File Explorer. Mulibe C: kapena D:. Zinthu zako zili mufoda ya dzina lako, ya chithunzi cha kanyumba, ndipo mafulashi ndi ma hard drive amaoneka kumbali ndi mayina awo pansi pa Locations. Ukasankha fayilo n'kudina Return siitseguka; dzina lake limangokonzeka kuti ulisinthe. Kutsegula ndi Command ndi O, kapena Command ndi muvi wam'munsi. Kutaya fayilo ndi Command ndi delete. Cut ya mafayilo kulibe mmene tinaizolowerera: umakopera ndi Command ndi C, ukafika komwe ukupita n'kudina Command, Option ndi V, fayilo n'kusamuka. Mphindi zochepa mu Settings ya Finder zinandichotsera mavuto ambiri. Ndinasankha kuti windo yatsopano izitsegukira mu Documents m'malo mwa Recents, kuti mathero a mayina monga .docx ndi .pdf azioneka, kuti mafoda azikhala pamwamba pa mafayilo, ndiponso kuti ndikamafufuza azisaka mufoda yomwe ndilimo osati mu kompyuta monse. Pansi pa View muli Show Path Bar, yomwe imaika kamzere m'munsi kokuuza pomwe uli.

Pali chinthu chimodzi chomwe mnyamata uja anandichenjeza ndisanayambe n'komwe kusamutsa mafayilo, ndipo nanu chisungeni. Pa Windows ukakopera foda yotchedwa Malipoti n'kuiika pomwe pali kale ina ya Malipoti, ziwirizo zimaphatikizana. Pa Mac umafunsidwa Stop kapena Replace, ndipo ukasankha Replace foda yakaleyo imachoka yonse ndi zonse za mkati mwake, ngakhale mafayilo omwe mu yatsopanoyo mulibe, ndipo sapita mu Trash kuti ukawatolenso. Nthawi zina pamabwera batani la Merge, makamaka ukagwira Option pokoka, koma silibwera nthawi zonse. Ine ndikamakayikira ndimasintha kaye dzina la foda yobwerayo, za mkati n'kumasamutsa pang'onopang'ono ndikuona. Pa zinthu ngati izi mpomwe amati safunsa anadya phula.

Nkhani ya ma hard drive ndiyo yaikulu kwa aliyense wogwira ntchito ndi anthu a Windows. MacBook Air ilibe bowo la USB lalikulu lija, ili ndi awiri a USB-C, choncho kachipangizo kolumikizira n'kofunika, ndipo ngati mumaonetsa zinthu pa pulojekita sankhani kokhala ndi HDMI komwe. Limenelo ndi vuto looneka ndi maso. Lobisika linali ili: hard drive yomwe ndinasungamo ntchito zakale inatseguka bwinobwino, mafayilo onse n'kuoneka, kuwakopera ku Mac n'kutheka. Koma kuikamo kanthu kunkakanika. Ukakokera fayilo pamenepo pamangooneka kachizindikiro koletsa, fayilo n'kubwerera komwe yachokera. Sinali itawonongeka ayi. Ma hard drive ambiri a Windows amakonzedwa m'njira yotchedwa NTFS, yomwe macOS imatha kuwerenga koma siilembamo. Nayo Windows siiwerenga n'komwe APFS, njira yomwe Mac yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira mu 2017. Yomwe onse awiri amamvana ndi exFAT. FAT32 imagwiranso konsekonse, koma siilandira fayilo yoposa 4GB, ndiye vidiyo yaitali imakana kulowa. Kusinthira ku exFAT kumachitikira mu Disk Utility, pa Erase, ndipo zonse zomwe zilimo zimafufutika. Koperani kaye kwina, mutsegule mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti afikadi amoyo, kenako ndiye mufufute.

Mafulashi ali ndi tizinthu tawo. Ukataya mafayilo a pa fulashi uli pa Mac, malo satseguka mpaka utakhuthula Trash fulashiyo idakali yolumikiza, chifukwa mafayilowo amangosamukira mufoda yobisika pa fulashi pomwepo. Umadabwa kuti fulashi ikuoneka yopanda kanthu koma ikuti yadzaza. China chinabwera ndi mnzanga wa ofesi yoyandikana, yemwe ndinam'patsa fulashi kuti atengemo zikalata. Pasanapite nthawi anatulukira ataigwira kunsonga kwa zala.

"Achimwene, fulashi yanuyi ili ndi vayirasi. Fayilo iliyonse yabereka inzake yoyamba ndi kadontho."

Ankanena timafayilo toyamba ndi ._ pamodzi ndi kena kotchedwa .DS_Store. Timeneti si mavayirasi. Mac imasungamo zinthu monga kaonekedwe ka foda ndi tizidziwitso tina ta fayilo. Pa Mac sitioneka, koma pa Windows timatha kuonekera, ndipo kutifufuta sikuwononga chikalata chenichenicho. Foda ya __MACOSX yomwe imapezeka m'mafayilo a zip opangidwa pa Mac ndi ya mtundu womwewo. Ndi bwino kuwauziratu anzanu asanathamangire kufomata fulashi.

Foni ya Android ukailumikiza ndi waya siioneka mu Finder monga inkaonekera mu File Explorer, chifukwa macOS payokha siigwiritsa ntchito MTP, njira yomwe mafoniwa amatumizira mafayilo. Ine ndinaika LocalSend pa foni ndi pa laputopu pomwe. Ndi yaulere, ndipo imadutsitsa zinthu pa Wi-Fi imodzi popanda kupita pa intaneti.

Mafayilo a .exe sagwira pa Mac, ndiye ma setup onse omwe ndinasunga zaka zonsezi anangotha ntchito. Mapulogalamu amachokera mu App Store kapena pa webusaiti ya eni ake, nthawi zambiri ngati fayilo ya .dmg. Ukaitsegula pamabwera kawindo kokhala ndi chithunzi cha pulogalamuyo mbali imodzi, foda ya Applications mbali inayo, kawirikawiri pakati pali muvi. Kuika pulogalamu n'kukoka chithunzicho kukachiponya mu Applications, basi. Msampha wake n'kungodina chithunzicho pomwepo: pulogalamu imatsegukadi, iwe n'kuyesa yalowa, mawa lake n'kuisowa. Ukamaliza, .dmg ija umaichita Eject ngati fulashi. Kuchotsa mapulogalamu ambiri n'kungowakokera mu Trash. Musanatsitse chilichonse, dinani chithunzi cha apulo, About This Mac, muone ngati makina anu ali a Intel kapena a Apple silicon, matchipu a M1 ndi otsatira ake omwe anayamba mu Novembala 2020, chifukwa mawebusaiti ambiri amaika mitundu iwiri.

Sisitimuyi imafunsafunsa chilolezo: kamera, maikolofoni, foda ya Downloads, kujambula sikirini. Musamangodina kukana kuti zichoke pamaso. Mukakaniza Zoom kapena Teams chilolezo cha Screen Recording, pamsonkhano anzanu sadzaona zomwe mukufuna kuwaonetsa, ndipo kukonza kumafuna kupita ku Privacy & Security, kuyatsa, kutseka pulogalamuyo n'kuitsegulanso, uku anthu akudikira. Yeseranitu msonkhano usanafike.

Word, Excel, PowerPoint ndi Outlook zilipo za Mac, ndipo mafayilo ake ndi omwewo. Access kulibe. Mu Excel chondipunthwitsa chinali mzere wa F1 mpaka F12, womwe pa Mac umawongolera zinthu monga kuwala kwa sikirini ndi voliyumu. Wadina F2 kuti ukonze zomwe zili mu selo, sikirini n'kungowonjezera kuwala. Umafunika kugwira fn, kapena kuyatsa Use F1, F2, etc. keys as standard function keys, zomwe ine ndinachita poti Excel ndimakhalira momwemo. Kuika $ mu fomula, komwe tinazolowera F4, kumathekanso ndi Command ndi T. Mac imabwera ndi Pages, Numbers ndi Keynote. N'zabwino ndithu, koma fayilo ya .pages mnzanu wa Word sangaitsegule; ngati mwalembera mmenemo pitani ku File, Export To, musankhe Word kapena PDF. Ndipo PDF imatuluka mu pulogalamu iliyonse yotha kusindikiza, kudzera pa kabatani ka PDF komwe kali m'munsi mwa windo ya Print.

Sikuti zonse zinali zopunthwitsa. Command ndi space bar zimatsegula Spotlight: ulemba zilembo ziwiri zitatu za dzina la pulogalamu kapena chikalata, Return, chatseguka. Imawerengetsanso masamu ndi kusintha mainchesi kukhala masentimita. Start menu sindinaisowenso. Koma chomwe chinanditenga mtima ndi Quick Look. Ukasankha fayilo mu Finder n'kudina space bar, imaoneka nthawi yomweyo osaitsegula, kaya ndi chithunzi, PDF, vidiyo kapena ya Excel, ndipo ukamatsika ndi muvi zotsatira zimangosinthana pamaso. Posaka chikalata chimodzi pakati pa mazana okhala ndi mayina ofanana, sindinaone chothandiza choposa ichi. Pulogalamu ya Preview imasaina PDF, kuphatikiza masamba ndi kuchotsa osafunika. Kujambula mbali ya sikirini ndi Command, Shift ndi 4. Ndi 3 imajambula yonse, ndi 5 imabweretsa zosankha zonse kuphatikizapo vidiyo. Pulogalamu ikauma, kampira kamitundumitundu kakungozungulira, m'malo mwa Ctrl, Alt ndi Delete umadina Option, Command ndi Esc. Pochoka pa desiki, Control, Command ndi Q zimakhoma sikirini.

Poyatsa makina koyamba amafunsa ngati ukufuna kuti Desktop ndi Documents zizisungidwa mu iCloud, malo a Apple osungira zinthu pa intaneti. Malo aulere ndi 5GB yokha, yomwe imadzaza msanga, ndipo iCloud si backup: ukataya fayilo pa laputopu imatayikanso kumeneko, ndipo pakatha masiku 30 yapitiratu. Backup yeniyeni ndi Time Machine. Umalumikiza hard drive yapadera, iyo n'kumakopera zosintha yokha, n'kusunga za ola lililonse za maola 24 apitawa, za tsiku lililonse za mwezi wathawu, ndi za mlungu uliwonse za m'mbuyo monsemo mpaka malo atatha. Hard drive imeneyo imakonzedwa m'njira ya Mac, choncho isakhale yomwe mumasinthana ndi anzanu a Windows. Ngati mwayatsa FileVault, yomwe imakhoma zonse za pa disiki ya laputopu kuti wina asaziwerenge, n'kupatsidwa kiyi yobwezeretsera, ilembeni papepala muisunge kutali ndi laputopuyo.

Laputopu yakale musaitaye msanga, komanso musaisiye yotsegula pambali panu. Ikakhala pafupi, chinthu chikangovuta pang'ono dzanja limathawira komweko, ndipo zala siziphunzira. Ndinapempha kuti yanga ndikhale nayo kaye, koma ndinaitsekera m'kabati, n'kumaitulutsa chifukwa cha pulogalamu imodzi yakale yosungira marekodi yomwe ili ya Windows yokha. Za pulogalamu yotereyi ndi bwino kufufuza musanasamuke n'komwe. Pa Mac za Intel panali Boot Camp, yomwe inkalola kuika Windows pambali pa macOS, koma pa Apple silicon kulibe. Chotsala n'kuyendetsa Windows 11 ya mtundu wa ARM, womwe umagwirizana ndi matchipu amenewa, mkati mwa pulogalamu ngati Parallels Desktop, VMware Fusion kapena UTM, ndipo zimenezi zimafuna laisensi ya Windows, RAM yokwanira ndi malo ambiri pa disiki. Mapulogalamu wamba ambiri amayenda mmenemo, koma odalira ma driver apadera, monga a mapirinta ndi masikana akale, akhoza kukana. Ine ndinaona kuti chinthu chomwe ndimachitsegula mwa apo ndi apo sichiyenera zonsezi. Marekodiwo ndinawatulutsa ngati fayilo ya CSV, yomwe Excel ya pa Mac imawerenga popanda vuto. Kungoti musaitsegule poidina kawiri ngati muli manambala oyamba ndi 0, monga a foni, chifukwa Excel ikhoza kudula 0 woyambayo. Ilowetseni kudzera pa Data, ndipo danga la manambalawo mulisankhire Text musanadine Finish.